Mafunso ndi mayankho: kupanga gwero la 10 V losagwedezeka pophatikiza ma reference angapo

Tsambali talembera amene amadziwa kale kuwotcherera tizipangizo pa bolodi ndiponso kuwerenga chithunzi cha circuit. Reference ndi kachipangizo kopereka voltage yokhazikika. Chitsanzo chimene tikutsata kuyambira pano mpaka pansi ndi cha ma reference anayi a mtundu wa LM399, amene voltage yawo imaphatikizidwa n'kukwezedwa kufika pa 10 V. Manambala awiri muwasunge m'mutu: ppm imodzi (gawo limodzi mwa magawo miliyoni) ya 10 V ndi 10 µV, ndipo ppm imodzi ya 7 V ndi 7 µV.

Reference imodzi imapereka kale voltage. Enawo ndi a chiyani?

Ntchito yawo ili pawiri. Yoyamba ndi kuchepetsa phokoso. Zener ya mkati mwa reference iliyonse imanjenjemera payokhapayokha, ina ikamakwera ina ikutsika, choncho mukatenga avereji kunjenjemerako kumadyana. Phokoso limatsika ndi √N, pomwe N ndi chiwerengero cha ma reference: ma reference 4 amalidula pakati, 9 amalisiya gawo limodzi mwa magawo atatu, 16 gawo limodzi mwa anayi. Onani mmene phindu limatheramo msanga. Kuchoka pa imodzi kufika pa anayi mwagula atatu okha n'kupeza theka, koma kuti mudulenso theka lina mugula ena 12.

Ntchito yachiwiri ambiri saiganizira poyamba, pomwe ndiyo yaikulu: ma reference amalonderana. Imodzi ikakhala yokha n'kusuntha ndi 20 µV, palibe angakuuzeni. Akakhala anayi, yosunthayo imaonekera poyera chifukwa kusiyana kwake ndi anzake kwasintha. Ndi chifukwa chake Datron 4910 inali ndi ma reference anayi odziimira paokha m'bokosi limodzi, aliyense ndi potulukira pake kuwonjezera pa potulukira avereji, ndipo Fluke 734A ndi ma 732B anayi oikidwa pamodzi.

Ndi zolakwika ziti zimene avereji siithetsa?

Chilichonse chimene chikukoka onse mbali imodzi. Kutentha kwa m'bokosi kumawakhudza onse. Supply imodzi ikatsika, onse amamva. Waya wa ground amene akudyera limodzi akakhala ndi voltage yosokonekera, avereji imaitenga yonse mmene ilili. Kukalamba nako, ngati onse anachokera m'gulu limodzi la kufakitale n'kuwotchereredwa tsiku limodzi, kawirikawiri amatsetserekera mbali yofanana miyezi yoyamba, ndiye avereji imatsetsereka nawo.

Palinso zonse zobwera pambuyo pa avereji: op-amp, ma resistor okwezera ku 10 V, zomangira mawaya kutsogolo kwa bokosi. Zimenezi zilipo kamodzi kokha. Mutha kusanja ma reference 16 koma resistor imodzi yosakhazikika mu gawo lokwezera n'kuwononga zonse. Ambiri opanga koyamba amathira ndalama pa ma reference n'kuumira pa ma resistor awiriwa, komwe kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Ndigule ma reference amtundu wanji?

Amene ali ndi buried zener (zener yokwiriridwa mkati mwa silicon), otsekedwa m'chitini chachitsulo kapena mu ceramic, makamaka okhala ndi hita yawoyawo mkati.

LM399 ndiye poyambira pabwino. Imapereka pafupifupi 6.95 V, koma iliyonse ingagwere paliponse pakati pa 6.6 V ndi 7.3 V. Hita yake imasunga mkati pa madigiri pafupifupi 90, motero kunja kukasintha ndi digiri imodzi voltage imasuntha ndi 0.3 ppm basi mwa nthawi zambiri. Imalandira karenti ya 0.5 mA mpaka 10 mA, ndipo dynamic impedance yake (mmene voltage imasinthira karenti ikasintha) ndi pafupifupi 0.5 Ω. Ndi yomweyi ili m'mamita otchuka monga HP 34401A ndi Keithley 2000.

ADR1399, imene Analog Devices anatulutsa mu 2021, imalowa pamalo omwewo, ili ndi phokoso locheperapo, imapereka pafupifupi 7.05 V. Kungoti imafuna karenti ya 3 mA ndi capacitor ya 1 µF yotsatizana ndi resistor ya pafupifupi 5 Ω pa miyendo ya zener. Mukaiika pa bolodi la LM399 osasintha zimenezi, musadabwe ikamachita zachilendo.

Za m'pulasitiki zisiyeni pa ntchito iyi. Pulasitiki imamwa chinyezi n'kufufuma, n'kufinya kachidutswa ka silicon kali mkati, ndipo voltage imasuntha ndi ma ppm angapo pakati pa dzinja ndi chilimwe. Kusunthako kumachedwa masiku angapo pambuyo poti nyengo yasintha, n'chifukwa chake kumasokoneza kukutsata. Ndipo poti onse ali m'mpweya umodzi, avereji siikuchotsa.

Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka. Pa misika ya pa intaneti pali ma LM399 ambiri ozulidwa m'zipangizo zakale n'kulembedwanso, ndi ena onama ndithu. Ozulidwawo nthawi zina amakhala abwino chifukwa anakhwima kale, koma simungadziwe musanawayeze kwa milungu.

Bwanji osangogula LTZ1000 imodzi?

Ngati chimene mukufuna ndi phokoso lochepa, guladi. LTZ1000, reference ina yokhala ndi hita, ili ndi phokoso la 1.2 µV kuchokera pamwamba kufika pansi pakati pa 0.1 Hz ndi 10 Hz, ndipo imasuntha ndi 0.05 ppm pa digiri. Titenge LM399 ya phokoso la 5 µV: kuti mufike pa 1.2 µV pafunika 17, mahita ake onse akudya ma watt opitirira anayi. Pamenepo masamu akukana.

Koma LTZ1000 siyenda yokha. Imafuna op-amp yapawiri monga LT1013 ndi ma resistor asanu abwino: 120 Ω yoikira karenti ya zener, 70 kΩ ziwiri, ndi 13 kΩ ndi 1 kΩ zoikira kutentha kwa hita. Resistor ya 120 Ω ikasuntha ndi 100 ppm, voltage imasuntha ndi 1 ppm, chimodzimodzinso 13 kΩ ndi 1 kΩ zikasiyana. Ndipo imodzi ndi imodzi basi, ilibe mnzake woiyang'anira. Kwa munthu amene alibe kolinganizira pafupi, ma LM399 anayi amene angathe kuwayerekeza mlungu ndi mlungu amamuuza zambiri kuposa LTZ1000 imodzi imene ayenera kungoikhulupirira.

Ndingolumikiza miyendo yawo pamodzi?

Ayi. Zener ya voltage yotsikitsitsa idzalanda karenti yonse, zinazo n'kuzima, ndiye mwabwerera pa reference imodzi, yodzazidwanso mopitirira.

Iliyonse ikhale ndi resistor yakeyake yoidyetsa karenti. Kenako kuchoka pa cathode ya iliyonse, resistor ya 1 kΩ ipite pa mfundo imodzi, ndipo mfundo imeneyi ndiyo avereji. Ipite ku mwendo wa + wa op-amp, kwina ayi. Kuyang'ana kuchokera ku op-amp, ma 1 kΩ anayiwo amaoneka ngati 250 Ω, ndiye mukaloza pamenepo mita ya 10 MΩ mwatsitsa kale voltage ndi 25 ppm.

N'chifukwa chiyani 1 kΩ? Ikachepa kwambiri, karenti yodutsa pakati pa ma reference imakula. Reference yosiyana ndi avereji ndi 300 mV, pa 100 Ω imataya 3 mA, pomwe inu mwaipatsa 1 mA yokha. Pa 1 kΩ, kusiyana kwa 100 mV kumasuntha 0.1 mA, zimene LM399 imapirira. Ikakula kwambiri, karenti yolowa mu op-amp ndi yodontha pa bolodi zimayamba kuoneka. Phokoso la resistor ya 1 kΩ ndi 4 nV/√Hz, laling'ono kwambiri poyerekeza ndi la zener, musavutike nalo.

Pa cathode iliyonse siyani poyezera. Kusiyana kwa ma reference muziyeza pamenepo onse ali olumikizidwa mmene amagwirira ntchito. Mukachotsa imodzi kuti muiyeze payokha, karenti yake imasintha ndipo 0.1 mA pa 0.5 Ω ndi 50 µV yathunthu.

Ma resistor a avereji ayenera kukhala odula aja?

Zimadalira kuti ma reference anu atalikirana bwanji. Resistor imodzi ikasuntha, avereji imasuntha motere: kusiyana kwa reference imeneyo ndi avereji, kuchulukitsa ndi mmene resistor yasunthira, kugawa ndi N. Reference yotalikira ndi 100 mV, resistor itasuntha ndi 100 ppm, pa anayi zimapereka 2.5 µV, kutanthauza 0.36 ppm. Ikatalikira ndi 10 mV yokha, ndi 0.25 µV, yosaoneka.

Ndiye njira zilipo ziwiri. Kapena musankhe ma reference oyandikana voltage, n'kugwiritsa ntchito ma metal film wamba a 0.1% ndi 15 ppm pa digiri, kapena mutenge ma resistor anayi a m'kachipangizo kamodzi monga LT5400, amene amatenthera limodzi n'kusunthira limodzi. Njira yoyamba ndi yotsika mtengo ngati mwagula kale ochuluka oti musankhepo.

Nanga kuwasanjikiza, wina pamwamba pa mnzake?

Zimathekanso, ndipo phindu pa phokoso ndi lomwelo: voltage imawirikiza kawiri, phokoso limakwera ndi √2 yokha. Ma LM399 awiri amapereka pafupifupi 13.9 V, yomwe mungaitsitse kufika pa 10 V. Vuto ndi supply yokwererapo, ndiponso kuti ma reference sakhalanso pa ground imodzi, ndiye kuwayerekeza mwachindunji kumavuta. Pa chifukwa chomalizachi ife timasankha avereji.

Karenti ya zener ichokere kuti?

Ku 10 V yotulukayo. Palibe voltage ina m'bokosimo yokhazikika kuposa imeneyo. Kuchoka pa 10 V kufika pa 6.95 V patsala 3.05 V, ndiye resistor ya 3 kΩ imapereka pafupifupi 1 mA. Kwa ADR1399 ikani 1 kΩ. Resistor imeneyi siifuna kudula: ya 25 ppm pa digiri imasintha karenti ndi 25 nA, pa 0.5 Ω ndi 0.013 µV.

Yerekezani ndi kudyetsa kuchokera ku 15 V kudzera pa 8.2 kΩ. Supply ikasuntha ndi 100 mV, karenti imasuntha ndi 12 µA, voltage ndi 6 µV, pafupifupi ppm imodzi, ndipo onse anayi amasunthira limodzi.

Msampha wake ndi poyatsa. Zener ikudikira 10 V, 10 V ikudikira zener, ndiye circuit imatha kungokhala pa ziro. Resistor ya 470 kΩ kuchoka pa 15 V kupita pa cathode ya imodzi imaikankha kuti idzuke, ndipo kukoka kwake pambuyo pake n'kochepa: 0.1 µV supply ikasuntha ndi 100 mV.

Kukweza 7 V kufika 10 V n'kovuta pati?

Apa ndiye pamene ntchito yambiri imafera. Op-amp imakweza ndi ma resistor awiri, wapamwamba kuchoka potulukira kupita ku mwendo wa −, wapansi kuchoka pamenepo kupita ku ground. Awiriwa akasiyana ndi 1 ppm, 10 V imasuntha ndi 0.3 ppm. Ndiye ngati wina ali ndi +1 ppm pa digiri mnzake −1 ppm, mwapeza 0.6 ppm pa digiri, kuwirikiza kawiri kusuntha kwa LM399 yeniyeniyo. Chofunika si kuti aliyense akhale wangwiro, koma kuti aziyendera limodzi: mtundu umodzi, fakitale imodzi, oyandikana pa bolodi, ngati n'kotheka ogundana ndi okutidwa pamodzi. Oyenera ndi a metal foil otsekedwa m'chitini monga Vishay VHP202Z, a wirewound olondola, kapena kagulu ka ma resistor ofanana a m'kachipangizo kamodzi.

Musaitanitse ma resistor musanayeze avereji yanu. Tinene kuti yatuluka 6.9820 V. Wapansi akhale 10 kΩ. Wapamwamba ndi 10 kΩ kuchulukitsa ndi 0.43225, kutanthauza 4,322.5 Ω. Mungaipange ndi foil ya 4.3 kΩ kutsatizana ndi metal film wamba ya 22 Ω. Yaing'onoyo ndi 0.5% yokha ya yonse, choncho ngakhale itakhala ya 50 ppm pa digiri, pa 10 V imabweretsa 0.08 ppm pa digiri.

Njira ina ndi ma resistor khumi ofanana, atatu pamwamba asanu ndi awiri pansi. Nawonso amachita avereji yawoyawo. Ndi 6.95 V mupeza 9.929 V, osati 10 V, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Trimmer, resistor yosintha poipotoza, musaike. Kadzino kake kamasuntha bokosi likagundidwa, ndipo tsiku limene mwaipotoza mwataya mbiri yonse ya mmene gwero lanu lakhala likuyendera. Gwero lolembedwa kuti 9.99874 V limene silisuntha liposa lolembedwa 10.00000 V limene mumakonza mwezi ndi mwezi. Ngati simungachitire mwina, ichepetsereni mphamvu kuti kuizungulitsa konse kusinthe 100 ppm yokha.

Op-amp iti?

Ya zero-drift yopirira 15 V, monga LTC2057, ADA4522 kapena OPA189. Werengani bwino datasheet, chifukwa zambiri za mtundu umenewu zimalekezera pa 5 V. Kusuntha kwa LTC2057 ndi kutentha sikupitirira 0.015 µV pa digiri, pomwe OP07E imaloledwa kufika 1.3 µV pa digiri, pafupifupi 0.2 ppm ya 7 V.

Ma op-amp amenewa amatulutsa timakarenti todumphadumpha pa miyendo yolowera, n'chifukwa chake ma resistor ozungulira asakule kupitirira ma kΩ ochepa. Op-amp isasenze yokha katundu: ma zener anayi akufuna 4 mA, ma resistor okwezera 0.7 mA, kuwonjezera chimene mwalumikiza kunja. Ikani transistor monga BC337 ngati emitter follower, 1 kΩ pa base, 220 Ω ya 2 W pa collector yotetezera wina akagundanitsa mawaya. Resistor wapamwamba uja atengere voltage pa chomangira waya cha kutsogolo penipeni, osati pa emitter. Capacitor ya 10 nF ya C0G kuchoka potulukira op-amp kupita ku mwendo wa − imaletsa circuit kuyamba kulira ikakumana ndi waya wautali.

Ground ndiyale bwanji?

Kopa wa pa bolodi wokhuthala 35 µm ali ndi pafupifupi 0.5 mΩ pa kabwalo kalikonse kofanana m'litali ndi m'lifupi. Kanjira ka 0.5 mm m'lifupi, 50 mm m'litali, ndi timabwalo 100, kutanthauza 50 mΩ. Karenti ya 1 mA pamenepo ndi 50 µV. Tsopano hita iliyonse imadya pafupifupi 250 mW m'chipinda cha madigiri 25, pa 15 V ndi 17 mA, anayi pafupifupi 70 mA. Ikadutsa pa kanjira komweko ndi 3.5 mV, ndipo imasintha nthawi iliyonse kunja kukazizira kapena kutentha. Munthu amayamba kunamizira zener kuti ndi yoipa, pomwe wolakwa ndi kanjira ka kopa.

Choncho karenti ya mahita ibwerere ku supply pa njira yakeyake, yotakata. Ma anode anayi apite pa mfundo imodzi pakati, aliyense ndi kanjira kake kakafupi, 2 mm m'lifupi. Pa mfundo yomweyo pafikenso resistor wapansi wa 10 kΩ ndi waya wopita ku chomangira cha −. Ground ya mahita ndi ya ma zener zikumane pamalo amodzi okha.

Mkati mwa LM399 muli diode pakati pa mwendo wa − wa hita ndi zener, ndipo miyendo ya zener siiyenera kutsika kupitirira 0.1 V pansi pa mwendo umenewo. Poyatsa kukadali kozizira hita iliyonse imatha kukoka mpaka 200 mA kwa kanthawi. Anayi ndi 0.8 A, ndipo pa waya woonda wa 0.2 Ω malire aja mwadumpha kale. Regulator nayo ikhale yotha kupereka karenti imeneyi.

Ndikapumira pa bolodi manambala akuyenda. N'chiyani?

Paliponse pamene zitsulo ziwiri zosiyana zakumana pamabadwa voltage yodalira kutentha. Miyendo ya tizitini timeneti ndi ya chitsulo chotchedwa Kovar, ndipo Kovar ikakumana ndi kopa imapereka pafupifupi 35 µV pa digiri. Miyendo iwiri ya zener ikatentha mofanana, ma voltage awiriwo amafafanizana. Ikasiyana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri, ndi 3.5 µV, theka la ppm. Kamphepo kochokera pa zenera kapena pa fani kamakwanitsa zimenezi mosavuta, ndipo pa graph kamaoneka ngati phokoso la zener.

Miyendo yonse iduleni mofanana, kopa wozungulira mwendo uliwonse akhale wofanana kukula. Musachotse chipewa chapulasitiki chimene LM399 imabwera nacho. Phimbani pamwamba ndi pansi pa bolodi pomwe miyendo yatulukira, ndi thonje kapena kachivindikiro kapulasitiki. Socket musaike. Bolodi lilowe m'bokosi la aluminiyamu lotsekeka, transformer ndi regulator zikhale m'chipinda china. Bokosilo lizikhala chogona mbali imodzimodzi nthawi zonse, chifukwa LM399 ikapendekeka mpweya wotentha mkati mwake umayenda mwina ndipo voltage imasuntha ndi ma µV angapo.

Kunja nako n'chimodzimodzi. Kopa ndi solder amapereka 1 mpaka 3 µV pa digiri, koma kopa wadzimbiri amafika 1,000 µV pa digiri. Zomangira zikhale za tellurium copper, mawaya akhale a kopa weniweni wopalidwa kumene, awiri opotana. Waya wa m'kati mwa chingwe cha network, wa kopa yekhayekha, amagwira bwino kuposa mapulagi onyezimira opakidwa nickel. Mukamanga ndi zala, dikirani mphindi zisanu kutentha kwa m'manja kuthe musanawerenge.

Capacitor yaikulu singachotse phokosoli?

Lapamwamba lokha. Pa mfundo ya 250 Ω, 10 µF imayamba kudula pa 64 Hz, pomwe phokoso lovutitsa lili pansi pa 10 Hz. Kuti mufike kumeneko mufunika resistor yaikulu ndi capacitor yaikulu, ndiye kudontha kwa capacitor kumalowa: 10 nA pa 1 kΩ ndi 10 µV, yosinthanso ndi kutentha. Electrolytic imadontha, X7R imatulutsa voltage ikagwedezeka. Ikani ya polypropylene ya 1 mpaka 10 µF, musayembekezere zambiri.

Kudontha kwina kuli pa bolodi. Flux yotsalira ikamwa chinyezi imasanduka njira. Ingakhale ya 1 GΩ, kuchoka pa 15 V kupita pa mwendo wa − wa op-amp imalowetsa 8 nA pa 3 kΩ, ndipo potulukira pamasuntha ndi pafupifupi 35 µV. Tsukani ndi isopropyl alcohol ndi kaburashi kawiri, muumitse bwino, musagwirenso ndi zala.

Ndisankha bwanji anayi abwino?

Gulani 8 kapena 10. Onse muwawotcherere pa bolodi loyeserera, muwayatse kwa maola osachepera 1,000, pafupifupi masiku 42, osazimitsa. Kusuntha kwa kukalamba kumathamanga poyamba n'kumka kuchepa. Datasheet imati 8 ppm pa √ ya maola 1,000 alionse, kutanthauza kuti pa chaka choyamba, cha maola 8,760, muyembekezere pafupifupi 24 ppm, ndipo gawo limodzi mwa atatu limachitika m'masiku 42 oyambawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sankhani imodzi ikhale poyerekezera, muziyeza kusiyana kwa ena onse ndi imeneyo, kompyuta izilemba usiku wonse. Chimene mukusaka ndi popcorn noise: voltage ili phee, mwadzidzidzi yadumpha ma µV angapo, yakhala pamenepo masekondi kapena maola, n'kubwerera. Pa graph zimaoneka ngati masitepe a makona. Yotere ichotseni, siichira. Pa otsalawo tengani amene akusuntha pang'ono ndiponso oyandikana voltage. Powasamutsira pa bolodi lenileni wotchererani mwachangu mutagwira mwendo ndi pulayala kuti kutentha kusakwere, ndipo muwapatsenso milungu ingapo, poti kuwotcherera kumawadzidzimutsa.

Mita yanga nayo ili ndi LM399. Ndidziwa bwanji amene akusuntha?

Mukayeza 10 V mwachindunji simungadziwe. Malire a kulakwa kwa mita ya 34401A pa 10 V kwa chaka ndi 35 ppm ya chowerengedwa kuwonjezera 5 ppm ya range. Nzeru ndi kuyeza kusiyana kokha. Titche ma reference anayiwo A, B, C ndi D. Waya wina pa cathode ya A, wina pa cathode ya B, mita pa range ya 100 mV, pomwe imaona mpaka 0.1 µV. Kusiyana kukakhala 20 mV, mita italakwa ndi 50 ppm cholakwacho ndi 1 µV yokha. Ikani nthawi yoyezera pa 100 PLC (ma cycle 100 a magetsi a m'nyumba), amene pa magetsi a 50 Hz ndi masekondi awiri, ndipo sankhani input ya 10 GΩ. Yezani kawiri mutatembenuza mawaya, mutenge theka la kusiyana kwa zowerenga ziwirizo, kuti voltage ya kutentha ya m'mita ndi m'mawaya ichoke.

Lembani A−B, A−C ndi A−D, pamodzi ndi tsiku ndi kutentha kwa chipinda. Zonse zitatu zikasuntha mofanana, wasuntha ndi A. Ikasuntha A−C yokha, ndi C. Ndi awiri okha mungaone kuti pali wasuntha koma simungamuloze, n'chifukwa chake atatu ndiwo ochepetsetsa. Yezaninso kusiyana kwa 10 V ndi avereji, poti ndi mmene mungagwirire ma resistor okwezera akayamba kuyenda. Onse anayi akasunthira limodzi, A−B, A−C ndi A−D sizionetsa kanthu.

Magetsi akazima chimachitika n'chiyani?

Mkati mumazizira kuchoka pa madigiri 90, kenako n'kutenthanso, ndipo voltage siibwerera ndendende pamene inali. Ikayaka imafika pafupi m'masekondi ochepa, koma kuti bokosi lonse likhazikike pamapita maola. Kumene magetsi amazimazima, batire ndi gawo la circuit, osati chowonjezera.

Batire limodzi la 12 V silikwana, chifukwa likatsikira ku 11 V op-amp siingathenso kutulutsa 10.7 V imene transistor ikufuna. Tsatizani awiri a 12 V 7 Ah, mutsitse ndi LM317 kufika 15 V. Bokosi lonse limadya pansi pa 100 mA, ndiye masiku awiri amakwana. Regulator imataya pafupifupi watt imodzi, ikhale kutali ndi ma reference. Poyeza zenizeni zulani chaja ku khoma. Machaja a switch-mode, ma inverter, mababu a LED ndi foni yoyandikira zimalowetsa phokoso lapamwamba limene op-amp imalisandutsa voltage yosuntha, ndipo mudzaliona manambala akamasintha mukangoyandikitsa dzanja pa waya.

Ndikadziwa kuti sikusuntha, ndidziwa bwanji kuti ndi ma volt angati enieni?

Pokhapokha litayezedwa ndi gwero lina lodziwika. Volt ya dziko lonse imachokera pa Josephson junction, imene imalumikiza voltage ndi frequency: kuyambira pa 20 May 2019 nambala yake ndi 483,597.8484 GHz pa volt. Isanafike tsikuli ankagwiritsa ntchito 483,597.9, kusiyana kwa pafupifupi 0.1 ppm. Ma laboratory a maiko amayeza magwero awo a zener ndi Josephson, ena n'kumatengera kwa iwo motsatizana mpaka kufika kwa inu.

Funani laboratory yovomerezeka pa ISO/IEC 17025, muyezo wa ma laboratory oyeza. Ku South Africa bungwe la dziko loona za miyezo ndi NMISA ku Pretoria, ndipo ma laboratory amavomerezedwa ndi SANAS. Maiko ena ambiri a SADC, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, amadalira SADCAS ya ku Gaborone. Kaya mwafunsa ku Malawi Bureau of Standards, ku Zambia Metrology Agency kapena kwina, funso loyamba likhale la uncertainty yawo (kukula kwa chikaiko cha muyezo wawo) pa 10 V DC. Ngati ndi 20 ppm, chikalatacho sichingakuuzeni kanthu za gwero losuntha 3 ppm pa chaka.

Musapite nalo lisanathe miyezi isanu ndi umodzi likuyaka. Linyamuleni likuyaka pa batire, lokutidwa kuti lisatenthedwe ndi dzuwa m'galimoto, ndipo likafika likhale tsiku lathunthu m'chipinda choyezeracho. Yezani A−B, A−C ndi A−D musananyamuke ndiponso mutabwerera, kuti muone ngati ulendo wasuntha wina. Pemphani kuti ayeze 10 V komanso cathode iliyonse payokha, ndipo alembe kutentha kwa chipinda pa chikalata. Kuyeza kwachiwiri pakatha chaka kumakupatsani liwiro la kusuntha, kwachitatu kumasonyeza ngati liwirolo likuchepa.